Bokosi Limene Sindinapime

Ndikukumbukila chitseko cha chipinda cha amalume kuposa chinthu china chilichonse m'nyumba ija ya ku Petauke. Chinali chobiliwila, penti yake itayamba kusupuka m'munsi, ndipo sichinali kutsekeka bwino pokhapokha munthu atachikweza pang'ono. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinai, ndili mu Geledi 8, ndipo panali patapita miyezi yochepa chichokele kwathu ku Luembe. Ndinabwela kudzakhala ndi amalume, a Mwanza, ndi anti, akazi awo, kuti ndiphunzile ku boma.

Ndisananyamuke kumudzi ndinali nditakula, monga amanenela azimai. Alangizi anandikhazika pansi masiku angapo nandiuza zambili zimene sindingalembe pano. Chimodzi mwa izo chinali chakuti mtsikana akakula sapondanso m'chipinda chogona atate ake kapena amalume ake. Amama anabwelezanso mau amenewa pa sitesheni ya Nyimba, tikuyembekeza basi pakati pa azimai ogulitsa nthochi. Anandikonza kolala ya dilesi nati, "Uko ndi kwa eni ake, Enelesi. Uzikagwada, uzikathandiza anti ako. Koma kuchipinda kwa amalume ako usakapondeko ngakhale phazi limodzi."

Ine ndinali mwana wosalankhula. M'kalasi ndinali kudziwa mayankho ambili, koma dzanja langa linali kulemela. Zimene pakamwa panali kulephela ndinali kuziika m'kabuku ka chikuto chofiila, kamene ndinali kulembamo madzulo alionse ndikatsiliza kutsuka mbale. Kabuku kameneko ndikali nako, ndipo ndi kamene kandithandiza kukumbukila nkhani iyi mwadongosolo.

Amalume anali ndi kababashopu ka malata pafupi ndi msika. Kwa zaka zambili benchi yawo inali kudzala, mpaka wometa wina tsidya la mseu anaika makina a masewela a mpila pa TV. Anyamata onse anasamukila kumeneko. Anali kusewela poyembekeza kumetedwa, ndipo ena anali kumetetsa tsitsi losakula n'komwe kuti apeze mpata wogwila padi, kachipangizo ka m'manja koseweletsela. Ndikawapelekela amalume chakudya cha masana, ndinali kuwapeza akusesa pansi popanda tsitsi.

Ndiye anagula kompyuta yakale ya mu ofesi kwa mphunzitsi wina amene anali kubwelela kwao ku Kasama. Anabwela nayo ine ndili ku sukulu, naiika m'chipinda mwao, naifunda chitenge poopa fumbi ndi akuba. Mphunzitsiyo anawasiila pepala lolemba zimene zinali m'kati, nawauza kuti kompyutayo payokha singakwanitse mpila. Inali kufunika gilafikisi khadi, chipangizo chimene chimajambula zithunzi za masewela kuti osewela azithamanga bwino pa TV. Kuti agule khadiyo amalume anagulitsa njinga yawo yakuda. Inali njinga yopitila ku nchito, yonyamulila malasha, ndi yokwezapo anti popita ku chalichi. Ina analibe.

Ndinalowa m'nkhaniyi chifukwa cha lipoti langa la sukulu. Amalume ataona kuti ndinali woyamba pa phunzilo la makompyuta anaseka, naliwelenga kawili.

"Kansi tili na injiniya m'nyumba muno, ine nivutikila chani? Iwe ndiwe uzasankha zonse."

Palibe munthu wamkulu amene anali atandipatsapo nchito yotele. Ndinafunsa aphunzitsi anga, ndinawelenga zimene ndinapeza pa kompyuta ya ku sukulu, ndipo pa Sondo masana tinakhala pa khonde ndi foni ya amalume. Wogulitsa wina wa ku Lusaka, wa zipangizo zogwilapo kale nchito, anali kutumiza zithunzi. Amalume anakopeka ndi kiibodi yoyaka mitundumitundu, koma ndinawauza motsitsa mau kuti timagetsi sitimenya mpila. Ndinati TV yakale ya pabalaza ikwana, ndipo malinga ndi pepala la mphunzitsi uja, zam'kati zina zinali bwino. Ndalama ya njinga ipite pa khadi ndi mapadi awili basi. Amalume anali kugwedeza mutu ngati akumvela dokotala. Tsiku limenelo ndinalemba m'kabuku kuti ndinamva ngati ndatalika.

Makhadi amene tikanakwanitsa analipo awili. Ina inali yaing'ono, yopyapyala, ya fani imodzi yoizizilitsa. Ina inali yaitali, yonenepa, ya mafani awili, ndipo inali yamphamvu kuposa inzake. Wogulitsa uja anali munthu wosamala. Analemba kuti tisanasankhe titsegule bokosi la kompyuta, tipime m'litali ndi m'lifupi mwake, ndiponso tione ngati muli nthambo ya mutu wa mabowo sikisi, chifukwa khadi yaikulu imadya magetsi kudzela m'nthambo yakeyake. Anaonjezela kuti katundu akachoka pa shopu sabweza ndalama.

Sabata imeneyo anti anali ku Sandwe, kwa makolo awo, kukathandiza kukumba nshawa. Pa Mande m'mawa amalume akumanga nsapato, pokonzeka kuyenda pansi ulendo umene kale anali kuyenda pa njinga, anandiitana.

"Ili m'chipinda, pansi pa chitenge. Sikuludilaiva naika pa windo. Ukabwela ku sukulu ungene chabe, utsegule, upime."

Ananena mopepuka, monga munthu otuma mwana kukatenga machisi. Kwa iwo ndinali ndikali kamwana kamene anali kukanyamula pa phewa akabwela kumudzi pa Khisimasi. Nkhani za kukula kwa atsikana amuna sauzidwa.

Nditabwela ku sukulu ndinavula yunifomu, ndinatenga lula yanga, ndi kupita pa chitseko chija. Chinali chotseguka pang'ono. Pa mpatapo ndinali kuona mwendo wa bedi, nsapato za amalume za ku chalichi, ndi nsonga ya chitenge cha maluwa achikasu chikulendewela pa katebulo. Anali masitepe anai chabe. M'nyumba munalibe munthu, ndipo palibe akanadziwa. Koma ndinali kumva mau a amama pakati pa phokoso la ogulitsa nthochi, ndipo mapazi anga anakana. Ndinaima pamenepo mpaka nkhuku ya aneba inalowa kukhichini ndi kugwetsa chivundikilo cha poto.

Ndikudziwa kuti mwana wina akanapeza njila. Akanati m'chipinda muli mdima, kapena kuti masikulu omanga bokosilo alimba, amalume muitulutse panja. Ine ndinaganiza za mau amenewo, koma nthawi iliyonse ndinali kumva amalume akufunsa kuti, "Chifukwa chani?" Ndipo yankho loona linali chinthu chimene sindikanatha kunena kwa mwamuna, ngakhale kuchiyandikila.

M'mawa mwake ku sukulu ndinatsalila m'chipinda cha makompyuta pa nthawi yopuma. Panali kompyuta imodzi imene aphunzitsi anaichotsa chivundikilo cha m'mbali kuti tiziona zam'kati. Inali yaikulu, yakuda, ya malo ambili, moti mkono wanga wonse unali kulowa. Nthambo ya mabowo sikisi inalimo, yomangidwa ndi kawaya. Ndinaipima ndi lula, ndinalemba manambala pa pepala mosamala kwambili, ndipo ndinadziuza kuti kompyuta ndi kompyuta.

"Wapima?" anafunsa amalume atafika kunyumba madzulo, akupukuta fumbi ku mapazi.

"Napima, amalume."

"Na ka nthambo kaja kalimo?"

"Kalimo."

"Basi, titenge ya mafani awili. Kuno ku Petauke kupya, fani imodzi izalema."

M'kabuku, pa tsiku limenelo, muli mizele itatu chabe. Sindinapime. Ndapima ya ku sukulu. Mulungu, zikhale zolingana.

Amene anapita kukagula anali a Daka, kondakitala wa basi ya ku Lusaka, mnzawo wa amalume kuyambila ali anyamata. Anthu ambili a m'komboni mwathu anali kuwatuma, wina mankhwala, wina nsapato za ukwati, ndipo palibe anali atadandaulapo. Ndinawalembela dzina la khadi pa pepala ndi zilembo zikuluzikulu, iwo nalipinda naliika m'thumba la shati.

A Daka anabwela nayo khadi pa Loweluka masana. Amalume anatseka shopu kwa kanthawi, nabwela kunyumba kudzatenga kompyuta ndi ine. Ndinali panja pamene anatuluka m'chipinda. Anali ataikulunga m'chitenge chija, ndipo anaikwapatila m'khwapa ndi dzanja limodzi, ngati thileyi ya mazila. Kompyutayo inali yopyapyala. Sindinafunike lula kuti ndidziwe. Njila yonse yopita ku msika ndinayenda pambuyo pao ndikuyang'ana kabokosiko, ngati kangakule ndikakayang'anitsitsa.

Mu shopu munali anthu kuposa masiku onse, chifukwa mbili inali itamveka. A Daka anakhala pa benchi akumwa maheu. Bambo wina wogulitsa tinsomba ta kapenta anakhala pa mpando wometela, ndipo amalume anamumeta mbali imodzi namusiya, chifukwa mtima wao unali pa khadi.

"A Mwanza, silizani mutu wanga poyamba," anatelo bamboyo. "Nioneka monga munda wolima hafu."

"Lindilani, muone injiniya wanga asebenze."

Ndinamasula masikulu. M'kati munali mothina, zinthu zonse zitapanikizana. Ndinatulutsa khadi m'pepala lake lonyezimila. Inali yokongola, yolemela, mafani ake awili akuzungulila ndikawapuzila mpweya. Ndinaiyesa pamalo pake. Kumbuyo inagunda chitsulo, pamwamba inatulukila kunja kwa bokosi ndi zala zitatu. Ndinaitembenuza ngakhale ndinali kudziwa kuti ilibe kolowela kwina. Ndinafunafuna nthambo ya mabowo sikisi. Munalibe.

"Ikanikize," anatelo wina pa khomo.

"Mwagulila mbuzi goli la ng'ombe," anatelo wa kapenta uja, ndipo anthu anaseka.

Amalume sanaseke. Anatenga khadi, naiyesa okha, naiyang'ana mbali zonse. Kenako anatembenukila kwa a Daka.

"A Daka, munayenda pa shopu yamene ninakuuzani? Kapena munagula pa mseu kuti mutsale na chenji?"

A Daka anaika botolo pansi pang'onopang'ono.

"Mwanza, wanitcha kawalala?"

"Nafunsa chabe. Mwana anapima. Ngati anapima, iyi si khadi yamene tinatuma."

A Daka anapisa m'thumba la shati, natulutsa pepala langa lija, litada m'mopindika. Analitambasula pafupi ndi khadi, nayang'ana ine. Sanali okwiya ndi ine. Anali kupempha thandizo.

"Mwana wanga, si iwe unalemba apa? Welenga, uwauze. Si yamene iyi?"

Inali yomweyo, chilembo ndi chilembo. Ndinayang'ana pansi. Ndikukumbukila tsitsi la bambo wa kapenta lili mbwee pa simenti, lina lakuda lina la imvi, ndi nyelele imodzi ikuyesa kudutsa pakati pake.

"Musamuyofye mwana," anatelo amalume, naika dzanja pa phewa langa. "Uyu sanama. Chibadwile sananamepo."

A Daka anapinda pepala lija, nalisiya pa benchi. "Zaka zonse izi ninyamula katundu wa anthu," anatelo. "Usakanitumenso." Ndipo anatuluka.

Masiku otsatila khadi inakhala pa shelufu ya mu shopu, pakati pa sipiliti ndi mabulashi. Kompyuta inabwelela m'chipinda. M'mawa ulionse ndinali kuona amalume akutuluka pa geti wapansi, kachikwama ka makina ometela kali pa phewa. Sanandikalipile, anali kundipatsa moni monga kale, ndipo tsiku lina anandibweletsela chitumbuwa. Ndinachidya ndili kuseli kwa nyumba. Ku msika anthu anayamba kunena kuti a Daka ali ndi manja aatali, ndipo ndinamva mai wina akuuza mnzake kuti mankhwala ake adzatuma munthu wina. M'kabuku masiku amenewo ndinali kulemba za mvula, za mayeso, za china chilichonse.

Anti anabwela kuchoka ku Sandwe patapita sabata ndi theka, ndi thumba la nshawa. Amalume anawafotokozela zonse ine ndikupeta mpunga chapafupi. Atafika pakuti mwana analowa m'chipinda napima bwinobwino, anti anandiyang'ana kamodzi. Iwo anali kudziwa. Amama anali atawauza pa foni kuti ndinakula ndisanafike n'komwe.

Mawa lake masana tinakhala awili pa mphasa tikusenda nshawa.

"Enelesi, unangena m'chipinda?"

"Awe, anti."

"Nidziwa kuti sunangene. Manje unapima chani?"

Ndinalila kwa nthawi yaitali, iwo akupitiliza kusenda. Nditatha ndinawauza za kompyuta ya ku sukulu. Anti anatsanulila makoko m'beseni, napukuta manja pa chitenge.

"Alangizi anakuuza kuti usangene. Unachita bwino. Koma anakuuza kuti usakambe? Sembe unakamba chabe kuti amalume nichotseleni panja, sembe anachotsa. Mwamuna mkulu akaona mtsikana waimilila pa chitseko safunsa kawili." Anayambanso kusenda. "Za chitseko nizawauza ine, ni zathu azimai. Koma za a Daka ni zako."

Linali Loweluka m'mawa pamene ndinagwada pa khonde, amalume akumanga nsapato. Mau amene ndinakonza anathawa onse. Ndiye ndinatsegula kabuku kanga, kamene palibe munthu anali atakagwilapo, ndi kuwapatsa ndi manja awili. Anawelenga mizele itatu ija pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Ndinali kuyembekeza mbama, ndipo mwina ikanandipepukila. Iwo anatseka kabuku, nandibwezela bwinobwino.

"Natukwana munthu wosalakwa pamaso pa anthu," anatelo, osayang'ana ine. "Pa mau yako."

Anti analowa m'chipinda, natuluka ndi kompyuta, naiika pa mphasa padzuwa. Anandiponyela tepi yao yosokela. "Pima," anatelo. Ndinamasula masikulu, ndinapima m'litali, ndinapima m'lifupi, ndinayang'ana nthambo imodzi ndi imodzi, ndinalemba. Nchito yonse sinatenge nthawi imene madzi a tiyi amatenga kuti awile.

Kenako tinapita ku sitesheni, amalume kutsogolo, ine pambuyo. Tinawapeza a Daka akukweza matumba a chimanga kunsi kwa basi. Atationa anapitiliza nchito yao. Amalume anavula kapu. Ine ndinagwada pa fumbi pafupi ndi tayala, ndipo nthawi ino kabuku ndinali nditakasiya kunyumba dala.

"A Daka, munagula yoyenela. Ndine ninanama. Sininapime."

Mau anatuluka aang'ono, koma anatuluka. A Daka anandiyang'ana nthawi yaitali, thukuta likutsika m'masaya.

"Nyamuka, uzadetsa dilesi," anatelo. Kenako anatembenukila kwa amalume. "Iwe Mwanza, unanitukwana mu shopu mwako, pamaso pa anthu ambili. Ukanipepese mwamene muja."

Ndipo zinatelo. Madzulo a tsiku lomwelo, mu shopu muli anthu, amalume anazimitsa makina ometela napepesa mokweza, ine nditaimilila pambali pao. Sanatchule za chitseko. Anangoti muyeso unalakwika kunyumba kwao, ndipo a Daka anagula ndendende chimene anatumidwa. Bambo wa kapenta analipo, ndipo ndinayamika kuti tsiku limenelo sanaseke.

A Daka anabwelela nayo khadi ku Lusaka pamodzi ndi muyeso watsopano. Wogulitsa anavomela kusinthanitsa ndi ija yaing'ono ya fani imodzi, koma chapamwamba sanabweze, monga ananenela poyamba. Khadi yaing'onoyo inalowa m'malo mwake ndi kaphokoso kamodzi, ndipo chivundikilo chinatsekeka. Mpila unaseweleka, ngakhale osewela akachuluka pa golo zithunzi zinali kudodoma pang'ono, ndipo anyamata anali kudandaula kuti makina ndiwo awadyetsa chigoli. Ena anabwelela pa benchi ya amalume, ena anatsala tsidya lija. Njinga ina amalume anagula ndili kale mu Geledi 10. Zaka ziwili zimenezo anayenda pansi, pa dzuwa ndi pa mvula, ndipo sananditchulile ngakhale kamodzi.

Tsopano ndili mu Geledi 12, ndipo ndikali mtsikana wa manyazi. M'chipinda cha amalume sindinalowemo mpaka lelo, ndipo sindiona cholakwika pa mwambo umenewo. Kwa nthawi yaitali ndinali kudziuza kuti ndinanama chifukwa cha ulemu. Koma ndikawelenga mizele itatu ija ndimaona kuti ulemu unathela pa chitseko. Kuchokela pamenepo ndinali kungoteteza nkhope yanga, ndipo manyazi amene ndinawathawa sanasowe. Anakagwela a Daka pamaso pa anthu, ndi amalume pa mseu wa ku msika. Ndinali kuganiza kuti munthu wachete sangapweteke wina.

Anzanga ku sukulu amandifunsa kawilikawili kuti khadi yabwino ndi iti pa ndalama yochepa, ndipo amadabwa kuti sinditchula dzina lililonse. Ndimawauza kuti ayambe abweletsa bokosi lao ndilione ndi maso anga. A Daka nawo sanaiwale. Basi yao ikandipitilila pa mseu ndikupita ku sukulu, amatulutsa mutu pa chitseko nakuwa kuti, "Injiniya, wapima?" Anthu a m'basi amaseka osadziwa nkhani yake. Nkhope yanga imatentha nthawi zonse, koma ndimayankha mokweza kuti amve. Ndipo ngati tsiku limenelo pali chinthu chimene sindinachite, kaya ndi homuweki kaya ndi nchito ya anti, ndimawauza zoona: "Nikalibe, a Daka."